Galimoto ya dizilo yochokera ku Japan m'Chigwa cha Shire: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi a anthu ofuna kuitanitsa ku Japan galimoto ya dizilo yokoka ndi matayala onse anayi, kuti azitsika nayo ku Chikwawa ndi ku Nsanje kukagona m'matenti. Ambiri amayamba kufunsa za magetsi a padenga ndi zitsulo za kutsogolo. Mayankho ambiri pano akamba za kutentha, fumbi, madzi ndi dothi, chifukwa kuchigwa galimoto imafa ndi zimenezo.

Ndigule mtundu wanji?

Gulani imene makaniko wa pa Nchalo kapena pa Bangula angaitsegule asanaimbe foni ku Blantyre. Tikatero Toyota ndiyo imatsogola, osati poti ilibe matenda, koma poti boma, zipatala ndi mabungwe akhala akuyendetsa Land Cruiser ndi Hilux m'chigwachi kwa zaka zambiri, ndiye amakaniko anazizolowera ndipo zipangizo zake ku Limbe ndi ku Ndirande sizivuta.

Land Cruiser 70 yokhala ndi injini ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yopanda turbo, ndiyo nkhalakale. Ndi yaulesi pa chitunda, imagwedeza msana, mtengo wake ngoboola m'thumba ngakhale itakalamba, koma siidziwa kudandaula. Nissan Safari ya TD42 ndi mnzake wa msinkhu womwewo. Prado ndi Hilux Surf ndizo zimene anthu ambiri angazikwanitse, ndipo banja limakhalamo bwino. Mitsubishi Pajero, ya 4M40 kapena 4M41, imatsikirako mtengo ndipo mumchenga imachita bwino kuposa mmene anthu amaiyankhulira, kungoti zipangizo zina mudzazidikira. Delica, ija yooneka ngati minibasi, ndi yabwino kugonamo, koma ndi yaitali ndipo pamalo opendekeka imaopsa. Isuzu Bighorn, ngati ndi ya 4JG2, palibe vuto. Ya 4JX1 ine sindingaulangize munthu wopita kutali ndi tauni.

Yakale yopanda kompyuta ndi yatsopano, yabwino ndi iti?

Yakale imapirira dizilo wokayikitsa ndipo imakonzeka pansi pa mtengo. Yatsopano imamwa mafuta pang'ono, ili ndi mphamvu, ndipo simutopa nayo. Koma injini zatsopano monga 1KD ndi 1GD zimapopa dizilo mwamphamvu kwambiri kudzera m'ma injector osachedwa kupweteka, moti kadontho ka madzi kapena parafini kakhoza kukudyerani ndalama zogulira njinga yamoto. Prado ya 1GD ya msika wa ku Japan ilinso ndi sefa ya utsi, DPF, komanso imafuna AdBlue, madzi apadera oyeretsa utsi. AdBlue akatheratu, galimoto mukaizimitsa siilira mpaka mutathiramo wina, ndipo musayembekeze kumupeza pa Sorgin.

Chenjezo limodzi pa Prado. Toyota inasiya kugulitsa Prado ya dizilo m'dziko la Japan mu 2007 chifukwa cha malamulo a utsi, n'kudzayambiranso mu 2015. Wina akakuonetsani Prado ya dizilo ya 2011 n'kumati inkayenda ku Tokyo, mufunseni bwino kumene inachokera.

Ndingadziwe bwanji kuti sindikugula chiphakasa, poti ndikungoona zithunzi?

Pemphani pepala la ku okushoni. Galimoto zambiri zakale ku Japan zimadutsa pa okushoni, ndipo woyendera amalemba giredi: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 yagwira ntchito, R ndi imene inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Nambala ya chassis ya pa pepalalo ifanane ndi ya pa galimoto. Wogulitsa akamazemba pa nkhani ya pepalali, ndalama zanu zisatuluke.

Kenako pemphani zithunzi za kunsi. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale ndipo amathira mchere m'misewu. Galimoto yochokera kumeneko imawala pamwamba koma kunsi dzimbiri litadya, ndipo chassis yodyeka siichedwa kuthyoka pa msewu wa mabampu. Makilomita olembedwa musawakhulupirire kwambiri. Yang'anani kutha kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi zopondera. Funsaninso za magetsi: Land Cruiser ndi Safari zina zakale za ku Japan ndi za mavoti 24, pamene firiji, mpope wa matayala ndi tchaja zambiri zimafuna 12.

Ndalama tumizani ku akaunti ya kampani imene mwaitsimikizira, osati ya munthu amene wangokulemberani pa WhatsApp.

Imadzera kuti, ndipo msonkho umakhala bwanji?

Zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe ku Karonga; zina zimadzera ku Beira kapena Durban. Msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye galimoto zimene tikukambazi, zokhala ndi injini zazikulu komanso zokalamba, zimalumidwa mbali zonse ziwiri. Werengetsani msonkho musanalipire ku Japan, chifukwa malamulo ake amasintha pafupipafupi ndi bajeti, ndipo mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Ikalowa, pali kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshuwalansi. Pa inshuwalansi funsani momveka ngati amalipira galimoto ikamira m'madzi kapena ikawonongeka kunja kwa msewu, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Yafika. Ndiyambe ndi chiyani?

Ndi zoziziritsa injini, musanagule ngakhale tenti. Pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaluzira galimoto.

Kuchigwa, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumadutsa madigiri 40. Galimoto imene yakhala zaka 20 ikuyenda m'dziko lozizira imabwera ndi redieta yotsekeka mkati pang'ono, mapaipi ouma ndi fani yofooka. Ku Blantyre simungazindikire kanthu. Mudzazindikira mutadzaza katundu, AC ili pamwamba, mukukwera chitunda masana. Injini ya 1KZ-TE, imene ili mu Prado ndi Surf zambiri, imadziwika dziko lonse ndi kung'aluka hedi ikatenthedwa, ndipo 4M40 nayo siyosiyana kwenikweni. Muvi wa pa dashibodi pa galimoto zimenezi umachedwa kusuntha. Ukamafika kofiira ndiye kuti zinthu zavuta kale. N'chifukwa chake ndi bwino kuika kachipangizo kena kosonyeza kutentha m'manambala.

Redieta itsukidwe ndi odziwa kapena isinthidwe. Mapaipi, chitsekerero cha redieta, thermostat ndi pampu ya madzi zikhale zatsopano, fani iyesedwe ngati ikugwira injini ikatentha. Amakaniko ena adzakuuzani kuti achotseretu thermostat "poti kuno n'kotentha". Kanani. Injini inapangidwa kuti madzi aziyenda thermostat ilipo, ndipo pa injini zina kuichotsa kumachititsa madzi ena kuzungulira osadutsa mu redieta. Thirani coolant weniweni. Mijigo yambiri ya m'chigwachi ili ndi madzi amchere, ndipo madzi otere amadya redieta ndi hedi mwakachetechete. Athireni pokhapokha zitavuta, mukafika kunyumba muwakhuthule.

Zikatha izi, lamba wa timing. Pa 1KZ ndi 1HZ amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo ngati palibe umboni woti anasinthidwa, musintheni basi. Oyilo yense, wa injini, wa giyabokosi, wa madifu, akhuthulidwe. Sefa zonse zikhale zatsopano. Pa 1KD uzani makaniko aone mawashala a ma injector, chifukwa akamadontha amapanga mwaye umene umatseka njira ya oyilo.

Chitunda chotsikira ku Chikwawa n'choopsadi?

Chimafuna ulemu. Blantyre ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, pamene pa mlatho wa Kamuzu muli pa mamita pafupifupi 100 okha, ndipo kutsika konseko kumachitika m'makona otsatizana musanafike pa Thabwa. Wopondereza mabuleki njira yonse amafika kumunsi akununkha, nthawi zina osagwiranso. Ikani giya 2 kapena 3, injini igwire galimoto, mabuleki muzingowagusa. Ya automatic nayo ili ndi 2 ndi L pa chifukwa chimenechi.

Pobwerera ndi pamene injini ndi giyabokosi zimayesedwa. Nyamukani m'mawa, tsitsani giya kuti injini izizungulira momasuka, ndipo kutentha kukayamba kukwera zimitsani AC. Mukaima pamwamba, galimoto ya turbo isiyeni ilire kaye pang'ono musanaizimitse.

Miyezi yabwino yopita ndi iti?

Meyi mpaka Ogasiti: kwauma, usiku kumagoneka, misewu yafumbi ikupitika. Seputembala mpaka mvula isanagwe nyama zimaoneka bwino chifukwa zimasonkhana pa madzi, koma m'tenti mumakhala thukuta lokhalokha. Disembala mpaka Epulo, ngati mulibe chifukwa chenicheni, khalani pa tara. Chigwachi chimalandira madzi a mapiri a Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi kwina, moti mtsinje ukhoza kudzaza pamalo pamene sipanagwe dontho. Anthu a kuno akukumbukira madzi a mu Januwale 2015, anamondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anaononga damu la Kapichira ndi mlatho wa Chapananga, ndi Freddy mu Malichi 2023. Madzi otere akadutsa, msewu umene uli pa mapu a m'foni mwanu mwina kulibenso.

Makande ndi chiyani kwa woyendetsa galimoto, ndipo ndikatitimira nditani?

Ndi dothi lakuda lija la cha ku Ngabu ndi madera ozungulira, limene alimi a thonje amalikonda. Likauma limang'aluka n'kulimba. Likanyowa limaterera ngati sopo, limamatirira m'matayala mpaka mapanga onse kutsekeka, ndipo galimoto ya matani awiri ndi theka imangoyenda chammbali kulowera mu ngalande. Apa kukoka ndi matayala anayi sikuthandiza kwenikweni. Nthawi zambiri mankhwala ake n'kudikira dzuwa liwambe kwa maola angapo.

Lowetsani 4WD, giya yokokera ndi matayala onse anayi, musanalowe povuta, osati mutatitimira kale. Ngati galimoto yanu ili ndi ma hub otseka pamanja, aja a pakati pa matayala a kutsogolo, atsekeni mukangosiya tara. Mukaona kuti matayala akuzungulira pamodzimodzi, chotsani phazi. Kupondereza kumangokumba dzenje mpaka mimba ya galimoto kukhala pansi. Phwetsani matayala pang'ono, fukulani ndi fosholo, ikani nthambi kapena matabwa, yesani kubwerera m'mbuyo momwe munadzera. Jeke imafuna thabwa lochindikala pansi pake. Pokokedwa, chingwe chimangidwe pa ngowe za pa chassis, osati pa kampira kokokera ngolo, chifukwa kakathyoka kamauluka ndipo kanaphapo anthu.

Anyamata a m'mudzi adzabwera, ndipo amaidziwa ntchitoyi kuposa inu. Gwirizanani mtengo asanagwire galimoto, muwalipire mosanyinyirika. Mukabwerera pa tara, kumbukirani kuchotsa 4WD ngati galimoto yanu ndi ya mtundu wosinthira. Kuyenda nayo pa tara yolowetsa kumapotokola zitsulo za kunsi.

Ndili ndi snorkel. Ndingawoloke mtsinje uliwonse?

Ayi. Snorkel, paipi ija yokokera mpweya cha kudenga, imateteza injini kuti isamwe madzi, koma siiletsa galimoto kukokoloka. Prado yatsopano Toyota amati ikhoza kuwoloka madzi akuya masentimita 70, ndipo amenewo ndi madzi odekha, pansi polimba. Madzi othamanga ofika m'mawondo ndi nkhani ina.

Ku East Bank, msewu wochoka pa Thabwa kulowera ku Fatima ndi Makhanga umadutsa mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo monga Mapelera, Livunzu ndi Nkhate, imene imadzaza mwadzidzidzi n'kuphweranso. Dikirani. Onani pamene ngolo za ng'ombe ndi akabaza akudutsa, funsani amene amakhala pomwepo. Malangizo oti muziyamba mwayenda wapansi m'madzi ndi abwino pa timitsinje ta m'mapiri, koma pafupi ndi Shire ndi madambo ake muli ng'ona. Pakati pa Bangula ndi Chiromo, pa Mtayamoyo, anthu amawoloka pa maboti. Musapange ulendo poganiza kuti mudutsa ndi galimoto.

Mukawoloka madzi akuya, umitsani mabuleki powaponda pang'onopang'ono, ndipo mukafika onani oyilo wa madifu. Akatuwa ndiye kuti mwalowa madzi, asinthidwe.

Matayala amene yabwera nawo ndi abwinobwino. Ndisinthe?

Onani chaka chake pambali pa tayala. Ambiri amakhala okalamba, ena ndi a m'chipale, ofewa, amene pa tara yotentha ya ku Nsanje amatha msanga. Gulani a all-terrain olembedwa LT, a m'mbali molimba, chifukwa minga ya mthethe ndi zitsa za tsanya zimaboola m'mbali. Nyamulani masipeya awiri, mpope wa magetsi ndi zomatira. Mumchenga tsitsani mpweya kufika cha pa 1.5 bar, muziyenda pang'onopang'ono osakhota mwadzidzidzi, ndipo mupope musanabwerere pa tara.

Dizilo amapezeka?

M'mbali mwa M1 malo omwetsera mafuta alipo, pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi pa boma la Nsanje, koma kukhalapo kwa pampu sikutanthauza kuti muli mafuta. Dzazani ku Blantyre, ndipo paliponse pamene mwapeza dizilo onjezerani ngakhale thanki ili pa theka. Mumchenga ndi m'matope galimoto imamwa kwambiri kuposa pa tara. Nthawi ya kusowa kwa mafuta MERA imaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo, ndiye fufuzani lamulo lili pati musananyamule zigubu.

Wa mavenda ndi wa pangozi pokha. Wina amakhala wosakaniza ndi parafini, wina ali ndi madzi ndi zinyalala za m'chigubu. Ikani sefa yachiwiri yolekanitsa madzi, nyamulani sefa ya dizilo yapadera, ndipo phunzirani kuisintha ndi kupopa mpweya nokha. Sefa ya mpweya nayo muziigugudza madzulo aliwonse mukayenda m'fumbi.

Malo ogona ndi ati?

Woyamba kumene ayambire ku Majete, pafupifupi makilomita 70 kuchokera ku Blantyre. Kuyambira 2003 malowa akuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo nkhalango imene inatsala pang'ono kutha nyama tsopano ili ndi njovu, zipembere, njati, akambuku, ndi mikango imene inabwezedwa mu 2012. Kuli malo omanga matenti okhala ndi madzi ndi zimbudzi, misewu yake imasamalidwa, ndipo mathithi a Kapichira, amene anaimitsa boti la David Livingstone mu 1859, ali pomwepo. Ndi malo abwino oyeserapo galimoto ndi katundu wanu thandizo lili pafupi.

Lengwe ili kufupi ndi Nchalo ndipo imadziwika ndi nyala. Kumeneko ubwino wake n'kuzimitsa injini, kukhala m'kanyumba kobisaliramo pafupi ndi dziwe m'mawa, nyama n'kumabwera zokha. Mwabvi, cha ku Bangula, ndi yaing'ono, ya miyala ndi zigwembe, alendo ndi ochepa, ndipo ndi kumene mudzaifunadi giya ya L4, ija yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono povuta. Pitani ndi madzi, chakudya ndi zonse, mutayamba mwafunsa a nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire mmene misewu ilili. M'malo onsewa kuchoka pa msewu n'kumayenda m'tchire n'koletsedwa.

Dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse mu 2017, njovu kulibenso, koma mbalame, mvuu ndi ng'ona ziliko. Galimoto imathera pa doko. Kotsalako ndi bwato ndi msodzi wodziwa njira.

Nanga kungoima pamalo pamene pandisangalatsa n'kumanga tenti?

Tchire lopanda mwini kuchigwa kulibe. Pamene mukuona ngati pathengo ndi dimba la wina, podyetsera ng'ombe, manda, kapena malo olemekezeka. Ku Nsanje, nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, simulowa mwachisawawa. Fikani dzuwa lisanalowe, funsani kwa a nyakwawa, perekani moni mwaulemu, nenani kuti ndinu ndani ndipo muchoka liti. Kawirikawiri amfumu adzakulozerani pabwino, mwina pa sukulu kapena pa tchalitchi, n'kukupatsani mnyamata wolondera. Kangachepe kothokoza musaiwale, ndipo nkhuni, nkhuku kapena nsomba gulani konko.

Musagone mumtsinje wouma ngakhale mchenga wake ukhale wosalala chotani. Madzi saiwala khwawa. Musamange tenti m'mphepete mwa Shire kapena pa kanjira kochokera m'madzi, chifukwa mvuu zimatuluka usiku kukadya. Udzudzu ndi wochuluka chaka chonse, ndiye neti ndi mankhwala odzola ndi zofunika, ndipo mukamva kutentha thupi mutabwerera kayezetseni malungo. Nsapato muzizigugudza m'mawa chifukwa cha zinkhanira. Kusamba m'madzi odikha ndi kuitana likodzo. Nyengo yotentha munthu mmodzi awerengeredwe malita osachepera 5 akumwa pa tsiku, ndi ena a galimoto.

Tenti ya padenga ndi firiji n'zofunika?

Tenti ya padenga imakupatsani kamphepo ndipo imakutalikitsani ndi zokwawa. Koma imalemera, imakweza mafuta, ndipo katundu wa pamwamba ndi amene amagubuduza galimoto pamalo opendekeka. Zigubu za madzi ndi zitsulo zikhale pansi, pakati pa matayala. Tenti yapansi yokhala ndi mazenera aneti imakwanira.

Firiji kuchigwa ndi yothandiza, koma ikhale ndi batire lakelake lolekanitsidwa ndi loyatsira injini, ndi sola ngati mukhala masiku. Ya automatic batire likafa siikankhidwa.

Chimene anthu amaiwala ndi chozimitsira moto. Udzu wouma umakodwa kunsi pafupi ndi ekizozi, ndipo njere zake zimatseka redieta. Mukadutsa mu udzu wautali, imani pamalo poyera, suzumirani kunsi, chotsani.

Wayilesi ikungogwira masiteshoni ochepa, ndipo zolemba zonse ndi za Chijapani.

Wayilesi zakale za ku Japan zimathera pa 90 MHz, pamene masiteshoni athu amafika 108. Amagetsi a galimoto amaika kachipangizo kowonjezera, kapena ingosinthani wayilesi yonse. Mapu ake ndi a ku Japan, alibe ntchito kuno.

Kuyenda usiku?

Pewani. Pa M1 ya kuchigwa pali ng'ombe, mbuzi, ngolo, njinga zopanda magetsi, ndipo cha ku Nchalo nyengo yodula nzimbe pamakhala mathirakitala ndi malole.

Ikandifera kutali ndi tara ndichite chiyani?

Zambiri zimakonzedwa musananyamuke. Uzani munthu wina njira yanu ndi tsiku lobwerera, tengani ma SIM a TNM ndi Airtel onse chifukwa pena imagwira imodzi, sungani mapu m'foni oti azitseguka popanda intaneti, ndipo kumalo ngati Mwabvi pitani galimoto ziwiri. M'bokosi mukhale masipanala, malamba a fani, mapaipi a redieta, mafyuzi, waya, oyilo, mafuta a mabuleki ndi tochi. Ndalama zina zikhale za m'manja, zosinthasintha.

Ikatentha, imani pamthunzi, musatsegule redieta mpaka itazizira, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha. Ikakana kulira mutangothira dizilo wachilendo, yambani ndi sefa. Zikakanika, khalani pafupi ndi galimoto masana, tumani wa njinga yamoto akatenge makaniko pa Nchalo, Ngabu kapena Bangula. Amakaniko a kumeneko ndi akatswiri pa masipuling'i, kuwotcherera, mabuleki ndi injini zakale. Ya kompyuta nthawi zambiri imafuna kunyamulidwa kupita ku Blantyre. Munthu akavulala, zipatala zazikulu ndi za boma pa Chikwawa ndi pa Nsanje, St Montfort pa Nchalo, ndi Trinity ku Muona kwa amene ali ku East Bank.